Datsun 240Z ya 1970: zimene tinapeza tisanaigunde gulayinda

Galimoto imeneyi inafika pa galaja yathu kuno ku England itanyamulidwa pa lole, yosalira, matayala awiri ataphwa. Inali yofiira, boneti yakuda, chiwongolero kumanja. Mwini wake ndi bambo wachikulire amene anapuma pa ntchito. Anaigula kalekale n'kuiimika m'kagalaja konyowa kuseri kwa nyumba, akuti adzaikonza akadzapeza mpata, ndipo mpatawo unachedwa zaka zambiri.

Bambowa anakulira ku Kenya. Amakumbukira fumbi la East African Safari Rally ali mnyamata, nthawi imene Edgar Herrmann ndi Hans Schuller anapambana ndi 240Z mu 1971, kenaka Shekhar Mehta n'kupambananso ndi galimoto ya mtundu womwewu mu 1973. Kufiira ndi boneti yakuda kuja anakukonda chifukwa cha magalimoto a mpikisanowo. Pempho lawo linali lachidule: galimoto ilire, dzimbiri lichoke, ipentedwe momwe ilili. Anawonjezeranso kuti wowagulitsa anawatsimikizira kuti ndi imodzi mwa zimene Datsun inagulitsa kuno ku Britain zili zatsopano, ndipo ankainyadira pa chifukwa chimenecho.

Ine ntchito ndinaiphunzirira ku Biwi mu Lilongwe, pansi pa amisiri amene ankadziwa ma Datsun ngati zikhato zawo. Nditatsegula boneti ndinamva ngati ndakumana ndi wachibale, chifukwa injini ya L24 ya mu 240Z ndi mkulu wake wa L16 ya masilinda anayi imene inali m'ma Datsun ena: kukula kwa silinda mamilimita 83, ulendo wa pisitoni mamilimita 73.7, kungoti iyi ili ndi masilinda 6 motsatana, 2,393 cc. Koma kudziwa injini si kudziwa galimoto. Ndinapempha bambowo kuti andipatse masabata awiri ndisanamasule chilichonse chachikulu, ndingoyang'ana, kujambula ndi kuwerenga.

Galimoto inanena zosiyana ndi wogulitsa

Nissan inatulutsa galimotoyi kumapeto kwa 1969. Ku Japan dzina lake linali Fairlady Z, kunja Datsun 240Z, ndipo zilembo zoyambirira za nambala ya chesesi zimanena kumene inkapita. S30 yokha ndi ya ku Japan, ya injini ya malita awiri. HS30 ndi ya injini ya malita 2.4 yoyendetsera kumanja, monga zimene zinkapita ku Britain ndi Australia. HLS30 ndi yoyendetsera kumanzere, ndipo zambiri za izi zinapita ku America. Palinso PS30, yomwe ndi Z432 ya injini ya Skyline GT-R, koma imeneyo simungaipeze m'kagalaja ka kuseri kwa nyumba.

Nambalayo inadindidwa pa chitsulo chenicheni cha khoma logawa chipinda cha injini ndi cha anthu, limene amakaniko timalitchula kuti firewall. Pa galimoto ya bambowa malowo anali atakutidwa ndi phula lakuda lokhuthala. Ndinalisungunula pang'onopang'ono ndi mankhwala ndi kansalu, osati ndi sandipepa, chifukwa zilembo zodinda ukazikwecha sizibwereranso. Zitaoneka zinali HLS30. Pa V5C, chikalata cha boma cholembetsera galimoto kuno, panalinso zomwezo, kungoti bambowo anali asanadziwe tanthauzo la L ameneyo.

Chinthu chimodzi chikaoneka, zinzake zimayamba kudzionetsa. M'mbali mwa galimoto, kutsogolo ndi kumbuyo, maginito ankakana kugwira pa timalo tinayi tofanana, ndipo mkati mwake munali zizindikiro za mabowo a timagetsi tam'mbali timene lamulo la ku America linkafuna. Pa firewall kumanzere panali zigamba ziwiri, pamene panadutsa chitsulo cha chiwongolero ndi pamene panali mabuleki. Giyabokosi inali ya magiya anayi, pomwe za ku Britain zinkabwera ndi asanu. Kenaka, pa mphuthu ya chitseko cha kumanzere, pansi pa penti wofiira, ndinapeza kachitsulo kamene magalimoto a ku America ankakhala nako, kolembedwa mwezi ndi chaka chimene inapangidwa. Kankaonetsa kumapeto kwa 1970.

Izi si zachilendo kuno. Ma 240Z ambiri amene anagulitsidwa ku Britain anadyedwa ndi mchere umene amathira m'misewu nyengo yozizira, choncho anthu akhala akuitanitsa ena kuchokera kumadera ouma a ku America monga California, ena n'kuwasamutsira chiwongolero kumanja. Kusamutsa si mlandu. Choipa ndi kugulitsa galimoto yotero ngati kuti inabadwa choncho.

Mwezi uja unali ndi nkhani ina yabwino. Magalimoto opangidwa kufikira kumayambiriro kwa 1971 okonda ma Z amawatchula kuti Series 1. Dzinalo si la Nissan, ndi la anthu, koma zizindikiro zake n'zenizeni, ndipo ndinazifunafuna chimodzichimodzi. Timazenera tiwiri totulutsa mpweya pa chitseko cha kumbuyo, pansi pa galasi, tinalipo, ngakhale wina anatimata ndi fila, phala lomatira bodi. Mizere yotenthetsa galasi la kumbuyo inali yoimirira, osati yogona. Hedi ya injini inali ndi chidindo cha E31, ndipo makabuleta awiri a Hitachi, opangidwa motsatira a kampani ya ku Britain ya SU, anali a zisoti zobulungira za masikuluwu anayi. Nambala ya pa buloko inagwirizana ndi ya pa kachitsulo ka m'chipinda cha injini. Chimene chinatayika ndi dashibodi yoyambirira, pamodzi ndi wotchi yake ya liwiro imene pa magalimoto oyambawa imayambira pa 20, ndiponso chiwongolero cha timaenje tosaboola.

Ndinawaitana bambo aja kuti abwere adzaone okha. Sindikonda kuuza munthu nkhani yotere pa foni. Anaima nthawi yaitali akuyang'ana L uja, osayankhula. Nkhani imene anaisunga zaka zonsezi inali itagwa, ndipo sindinafune kuwathamangitsira ku chimwemwe cha Series 1 ngati mwana amene ukumutonthoza ndi switi. Atapuma, ndinawaonetsa zinazo, n'kuwayalira njira ziwiri: kuibwezera kumanzere monga inatulukira ku fakitale ya Nissan Shatai ku Hiratsuka, kapena kuisiya kumanja koma ntchito yosamutsayo n'kuichitanso mwaluso. Kwa ogula amene amasunga magalimoto akale, yoyamba ndiyo ikanakweza mtengo. Iwo anasankha yachiwiri, chifukwa akufuna kuiyendetsa m'timisewu topapatiza ta kwawo, ndipo maso awo salinso ngati kale. Ndinagwirizana nawo. Ndinangopempha chimodzi, kuti chidutswa cha firewall chokhala ndi nambala chisakhudzidwe ndi moto kapena gulayinda, ndipo zonse zimene tapeza zilembedwe m'buku loyenda ndi galimotoyo, kuti wodzaigula mtsogolo asadzanamizidwe ngati iwo.

Dzimbiri

240Z ilibe chesesi yapadera yoti n'kuchotsapo bodi. Bodi ndiyo mafupa ake, ndipo chitsulo chake n'chopyapyala, n'chifukwa chake galimoto yonse imangopitirira pang'ono tani imodzi. Kupepuka kumeneko ndiko kumaikometsa pamsewu, ndiko kumaiphanso ikakhala ponyowa.

Titaivula zonse tinaipeza monga ndinkaopera. Pansi popondapo mapazi mbali zonse ziwiri panali pobowoka, ndipo wina anakhomerapo malata ndi maliveti n'kupakapo phula. Mitanda iwiri imene imayenda pansi pa fulo inali yopindika chifukwa choikidwa jeke pamalo olakwika, mkati mwake modzaza dothi lonyowa. M'munsi mwa zitseko, makamaka pa kona ya kutsogolo kwa tayala la kumbuyo, munali fila wokhuthala ngati chala changa. Mlomo wa pansi pa chitseko cha kumbuyo unali utadyeka. Apa pali phunziro kwa wogwira Series 1: timazenera tija tili ndi timipaipi tochotsa madzi, tikatsekeka madzi amatsalira m'chitseko, ndipo amene anamata timazenerato ndi fila anangowatsekera m'kati.

Malo oipitsitsa anali pamene pankakhala batire poyamba, kumanja pafupi ndi firewall. Asidi anadya thireyi, n'kutsikira pa mtanda wonyamula injini, ndipo wosamutsa chiwongolero anamangirira mabuleki pafupi ndi chitsulo chodyekacho. Ndinakankha ndi sikuludilaiva n'kulowa. Ndikaganiza kuti galimotoyi inayendapo pamsewu ili choncho, thupi limachita tsemwe.

Ndisanadule kalikonse, ndinawotcherera machubu opingasa m'makomo ndi pakati pa bodi, n'kuiika pa benchi yoyezera. Bodi ya mtundu uwu ukaichotsa fulo ndi m'munsi mwa zitseko nthawi imodzi imagwa msana, ndipo umadzazindikira mochedwa, zitseko zikukana kutseka. Ndinagwira mbali imodzi kuimaliza ndisanayambe inzake. Zitseko ndinkazibwezera pafupipafupi kuti ndione mipata. Zigamba zogula za fulo ndi mitanda zilipo pa msika, koma palibe chimene chinalowa chosasulidwa. Kona za m'munsi ndi thireyi ya batire ndinapinda ndekha. Powotcherera chitsulo chopyapyala chonchi ndimadontheza kadontho apa, kena kutali, kudikira kuti pazizire, n'kubwereranso. Wofulumira amapeza chitsulo chachita mafunde, ndiye amathawira ku fila, ndipo tabwerera pamene tinayambira.

Pano ndivomere cholakwa changa. Pa chitsulo chonyamula rediyeta panali kapepala komata ka ku fakitale konena nambala ya penti. Ndinakajambula, koma sindinakamatule kapena kukaphimba bodi isanapite kokapopera mchenga. Inabwerako koyera mbee, kapepala kaja kulibe. Kanapirira zaka zoposa 50, n'kutha m'manja mwanga tsiku limodzi. Ndinawauza bambowo tsiku lomwelo. Zomata zotengera zimagulitsidwa, ndipo tinamatapo china, koma m'buku muja ndinalemba kuti n'chatsopano, ndi chithunzi cha chakalecho pambali. Kuyambira pamenepo, chilichonse cholembedwa ndimachichotsa ndekha n'kuchisunga m'bokosi bodi isanatuluke pa geti.

Injini inali ndi chinsinsi chake

Injini sinali yogwirana. Nditathira oyilo pang'ono m'mabowo a mapulagi n'kuisiya masiku angapo, inazungulira ndi sipanala. Ndinaganiza kuti ntchito yake ikhala yodziwika, koma nditachotsa hedi n'kuyeza ulendo wa pisitoni, ndinapeza mamilimita 79 m'malo mwa 73.7. Ndinayezanso, n'kuyezanso silinda ina. Buloko inali yake yeniyeni, koma crankshaft, chitsulo chimene mapisitoni amachizunguza, inali ya L26, injini ya 260Z imene inabwera pambuyo pake. L26 ili ndi masilinda ofanana kukula ndi L24, kusiyana kwake ndi ulendo wotalikirapowo ndi ma conrod (timikono tolumikiza pisitoni ku crankshaft) aafupi, ndiye amene anaikonzapo kale anaika crankshaft ndi ma conrod a L26 n'kupanga injini ya 2,565 cc m'chikopa cha 2.4. Kunja sungadziwe. Nambala ikagwirizana anthu amangoti injini ndi yoyambirira, koma nambala imangochitira umboni buloko yokha.

Ntchitoyo inachitika bwino, ndipo crankshaft inali yosadyeka. Sindinaone chifukwa chotayira chinthu chabwino pofuna kusaka china chimene palibe adzachione. Tinaisiya, tinailemba.

Kwa amene sanagwirepo injini za L: musanamasule giya ya pa camshaft, shafuti imene imatsegula mavavu, khomerani kamtengo kosongoka pakati pa mbali ziwiri za tcheni. Mukapanda kutero, chokungira tcheni chimatumphuka pansi, ndipo kuti muchibwezere muyenera kuchotsa chivundikiro chonse cha kutsogolo. Izi anandiphunzitsa ku Biwi ndili mnyamata wotumidwa masipanala, ndipo kamtengo kotero ndimakasungabe m'bokosi. Ife tinkaphwasula injini yonse, choncho sizinali zoopsa, koma dzanja linachita lokha.

Hedi ya E31 ndiyo inandidya nthawi. Inali itapalidwapo kale, ndipo inafunika kupalidwanso pang'ono chifukwa madzi anadya aluminiyamu pafupi ndi njira zake. Ukapala hedi ya injini iyi, camshaft imayandikira crankshaft, tcheni chimakhwepa, nthawi ya mavavu imachedwa. Tinaika timbale topyapyala pansi pa nsanamira za camshaft kuti tibwezere msinkhu, n'kuonetsetsa kuti camshaft ikuzungulira ndi zala tisanaike china chilichonse. Kenaka tinayang'ana ndi inki mmene mphuno ya camshaft ikupukutira pa rocker iliyonse (kachitsulo kokankha vavu), zonse 12, kuti chizindikiro chikhale pakati. Mipando ya mavavu tinaika yolimba, yopirira petulo wa masiku ano wopanda mtovu. Pa hedi zoyambazi, oyilo amafika pa camshaft kudzera m'kapaipi kokhala ndi timabowo kogona pambali pake. Timabowo tingapo tinali totsekeka ndi utsi wouma, ndipo kapaipiko kanali katang'aluka pa mfundo imodzi. Kanthu kakang'ono kotere kakhoza kupha camshaft yatsopano m'maola ochepa.

Makabuleta anali odyeka pa timipini ta mavavu a mpweya, moti ankaba mpweya, ndipo kabuleta wakuba mpweya sungamutchune ngakhale utakhala ndi khutu labwino bwanji. Tinaika mabushi atsopano, singano zatsopano, n'kusintha timipaipi ta pansi pake. Kuno petulo wamba wakhala E10, wosakaniza ndi ethanol wofika 10 peresenti, kuyambira mu September 2021, ndipo ethanol amadya labala wakale, choncho mapaipi onse a mafuta kuchokera ku thanki tinaika opirira, ndipo bambowo ndinawalangiza kuthira E5, wa ethanol wochepa.

Za pansi sizinavute. Mabushi onse, mashoko, mabuleki a disiki kutsogolo ndi ng'oma kumbuyo, zonse zinasinthidwa kapena kukonzedwa. Labala wonyamula difu ya R180, bokosi la magiya logawa mphamvu ku matayala akumbuyo, anali atathetheka pakati, ndipo ndiye amabweretsa kugunda kuja kumbuyo posintha giya kumene eni ma Z amakudziwa. Mawaya ndi amene anandikwiyitsa. Wosamutsa chiwongolero anawatalikitsa pongopota ndi kumata tepi, ndipo bokosi la mafiyuzi, lomwe pa magalimoto awa limasungunuka kale ndi kale chifukwa magetsi akutsogolo amadutsa pa switchi yeniyeni, linali lakuda mbali imodzi. Tinaluka mawaya atsopano ndi kuika ma relay obisika, timaswitchi tonyamula mphamvu ya magetsiwo, kuti switchi yakale ipume.

Penti

Apa ndi pamene ine ndi bambowo tinakokana kwenikweni. Pansi pa kapeti, kuseri kwa dashibodi ndi m'chitsime cha tayala lapadera munali penti woyambirira, wachikasu chakuda chonga mpiru wosinja. Kapepala kaja kankati 920, mtundu umene anthu amautchula kuti Safari Gold. Iwo ankafunabe kufiira ndi boneti yakuda.

Ndinawauza maganizo anga mosabisa. Galimoto imene inapambana mu 1971 ilipo, Nissan imaisunga ku Zama, ku Japan, ndi mabala ake onse, ndipo yawoyi singakhale imeneyo ngakhale titaipenta bwanji. Koma iyi ili ndi mbiri yakeyake imene tinali titangoifukula kumene, ndipo kuikwiriranso kunandiwawa. Ndinawauzanso kuti galimoto ndi yawo, ndalama ndi zawo, akanena kuti yofiira ndiipenta yofiira ndi mtima wonse. Ndinapopera zitsulo ziwiri, china chofiira china cha 920, n'kuwapatsa kuti akaziike padzuwa kunyumba. Anakhala nazo mwezi wathunthu. Pobwera anabwera ndi mwana wawo wamkazi, ndipo ndi iye amene anayankhula, kuti bambo asankha golide, koma akupempha kuti boneti yachiwiri, imene tinali nayo yotsala, ipentedwe yakuda kuti aziiika akafuna. Zinandikomera. Boneti imamasuka ndi mabawuti ochepa, ndipo palibe chimene chawonongeka.

Timazenera ta chitseko cha kumbuyo tinatitsegulanso ndi timipaipi take. Mabowo a timagetsi tam'mbali tinawatseka ndi chitsulo m'malo mwa fila, popeza bambowo sanatifune.

Mmene ilili pano

Tsiku loiliza koyamba tinayamba tazungulitsa injini mapulagi atachotsedwa mpaka oyilo atafika pa camshaft, ndikuyang'ana timabowo ta kapaipi kaja kuti tonse tikulavula. Inalira pa kuyesa kwachiwiri. Itatentha ndinatchuna mavavu, mamilimita 0.25 olowetsa ndi 0.30 otulutsa, kenaka n'kulinganiza makabuleta kuti azikoka mpweya wofanana. Lamulo la kuno limalola magalimoto opitirira zaka 40, amene sanasinthidwe kwambiri, kuyenda osayesedwa MOT, mayeso a chaka ndi chaka oona ngati galimoto ndi yoyenera pamsewu. Ine ndinaumirira kuti ikayesedwe, chifukwa chiwongolero ndi mabuleki zakhala pa chitsulo chimene ndawotcherera ndekha, ndipo ndinkafuna maso ena aone. Inakhoza.

Paulendo woyamba wautali panatuluka zinthu ziwiri. Fungo la utsi linkalowa m'kati zenera likatsegulidwa, vuto lodziwika pa ma Z amenewa chifukwa mpweya wa kumbuyo umakokera utsi ku bodi. Tinalipeza pa labala wa magetsi akumbuyo ndi pa kabowo ka mawaya kamene ndinaiwala kutseka. Chachiwiri ndi kanjenjemera kochepa pa liwiro la pa motorway. Pa magalimoto oyambawa difu inakhala patsogolo pang'ono, moti mashafuti opita ku matayala sagona mowongoka, ndipo Nissan inadzaisunthira kumbuyo pa magalimoto otsatira. Tikhoza kuisuntha ndi zipangizo za 240Z ya pambuyo pake, koma kutero n'kuchotsanso chizindikiro china cha Series 1. Bambowo ati ayambe aiyendetsa chilimwe chino amve ngati kakuwasowetsa mtendere. Ibweranso ikakwana mamailosi 500 kuti tidzasinthe oyilo, tidzamangenso mabawuti a hedi ndi kuyezanso mavavu, ndipo za difu tidzakambirana pamenepo.